Tsiku Limene Ndinatsuka NyaUkali

Ndinapha nkhali ya mayi anga ndi mchenga wa kumtsinje, chiguduli ndi madzi owira. Ndinagwira ntchitoyo m'mawa wonse, thukuta lili kamukamu, ndikuimba mluzu. Nditamaliza ndinaiimika padzuwa kuti aliyense aone. Wofuna kuseka aseke. Ku Uliwa anaseka kale mpaka anatopa.

Nkhaliyo inali ndi dzina. Ankaitcha NyaUkali, chifukwa mowa wa mawere wotuluka m'menemo unkagwetsa amuna odzitama kuti sagwa. Amama anabwera nayo ku ukwati kuchokera kwa mayi awo, ndipo inali yaikulu moti ndili mwana ndinkabisalamo ndikalakwa. M'kati mwake munali nkhoko zakuda, zokhuthala ngati khungwa la mtengo. Amama sankaikwecha. Mowa ukatha ankangotsukuluza ndi timadzi tozizira, kuivundikira ndi masamba a nthochi, basi. Ndinakula ndikuona zimenezo ndipo sindinafunsepo chifukwa chake. Pa mayeso sankafunsa za nkhali.

Sitandade 8 ndinalemba kawiri. Masamu ndinkakhoza kuposa mwana wa ahedi. Chinandigwetsa ndi Chichewa chomwe ndikulemba panochi. Mphunzitsi wake, bambo wochokera kuchigawo chapakati, ankandiimiritsa kutsogolo kuti ndiwerenge, lilime langa likakokera ku Chitumbuka iye n'kumaseka. Ankaseka yekha, chifukwa tonse m'kalasimo malilime athu anali amodzi. Mayina a opita ku sekondale atatuluka kachiwiri langa palibe, ndinaponya makope m'chimbudzi. Adada anati, "Ndiye ulime mpunga." Ndinawayankha kuti sindinaphunzire masamu kuti ndizikuwiza mbalame m'munda. Ndinakalembetsa ulendo wa ku Joni.

Tsiku lonyamuka amama sanalire. Anatunga chipanda mu NyaUkali n'kundipatsa.

"Imwa, ukadziwe chimene wasiya."

Ndinamwa, ndinalavula masese, ndinati kumene ndikupitako amamwera m'magalasi.

Za mumgodi sindinena zambiri. Ndi dzenje. Umalowa kusanache bwino, umatuluka ukulavula zakuda, ndipo amakuitana ndi nambala ya pamkono. Mwala utaphwanya mwendo wa munthu amene ndinkagona naye chipinda chimodzi, ndinathawa. Ndinayenda pamalole a malasha ndi a nkhosa, kulowera kummwera, kufikira ndinapezeka ku Kepi, pafamu ya mphesa m'tsinde mwa mapiri amiyala. Mphesa ndinkangozimva m'Baibulo. Mzungu wake sanafunse mapepala. Inali nyengo yokolola, ndipo anangoyang'ana manja anga.

Pafamupo ankatilipira mitundu iwiri: timakobidi Loweruka, ndi dopu tsiku lililonse. Dopu ndi vinyo wotsalira, wowawasa, woti mzungu sangatsukire ngakhale mapazi. Belu likalira m'mawa tinkafola, aliyense ndi chitini chake cha nsomba, kapitawo n'kumathira. Masana dopu. Poweruka dopu. Ndinaona amayi apakati pamzerepo. Ndinaona amuna amene manja awo sankatha kugwira sizasi yodulira mphesa asanamwe. Munthu wotere sathawa pafamu. Athawire kuti kumene belu likalire? Ine ndinakulira pakhomo pa mowa, ndimadziwa kusiyana kwa chipanda chopatsa mlendo ndi chingwe chomangira mbuzi. Dopu wanga ndinkangopatsa mkulu wina woima kumbuyo kwanga pamzere, Omu Yapi.

Kumeneko "omu" ndi ngati kunena kuti malume. Anali aafupi, akhungu lofiirira, mano akutsogolo palibe. Anabadwira pafamu pomwepo, bambo awonso chimodzimodzi. Vinyo yense wa pafamupo ankapanga ndi iwo, koma pabotolo pankalembedwa dzina la mzungu wamkulu, amene ntchito yake inali kukhala pakhonde ndi agalu. Ankanditcha Nyasa, monga ankatchulira aliyense wa kwathu kuno. Tinkamvana m'chilankhulo cha kumigodi, pomwe chaperewera manja ankathandiza.

"Nyasa, dopu sukumwa. Ndiwe m'busa?"

"Amayi anga amafulula mowa weniweni. Uwu ndi mkodzo wa bulu."

Anaseka mpaka kutsokomola. "Bulu wake ndine. Bwera uone kumene ndimakodzera."

Anandilowetsa m'nyumba yozizira ya makoma okhuthala. M'menemo munali migolo ya matabwa yaikulu kuposa nkhokwe. Mphesa zikafinyidwa, madzi ake ankawathira m'migolo yakaleyo n'kungodikira, osaikamo kanthu. Pakapita masiku awiri kapena atatu mgolo unkayamba kung'ung'udza wokha. Omu Yapi ankagunditsa khutu pathabwa ngati mzamba pamimba ya mayi.

"Uyu ndi waulesi, amadzuka mochedwa. Uyu ndi wamkamwa, umusamale."

Mgolo wina ukagona osadzuka, ankatunga ndowa imodzi mumgolo wowira n'kukhuthulira mwa wogonayo. Nditawafunsa anandilongosolera ndi manja, ndipo ndinamva msanga, chifukwa kwathu timachita zomwezo moto ukazima: umapita kwa mnansi kukapala. Kuyambira pamenepo ndinakhala wonyamula ndowa zawo. Nyengo yozizira itafika, ija ya mvula yamvumbi yolowa m'mafupa, akazi awo anandisokera chikhoti cha masaka. Lamlungu ndinkadya kwawo buledi ndi mitu ya nsomba. Munthu wina wa ku Sangilo amene ndinakumana naye m'tauni akubwerera kumudzi ndinamupatsira bulangete la amama ndi chipewa cha adada. Ndi zokhazo zimene kwathu anaona za ulendo wanga.

Ndinene zoona, njira ya Omu Yapi inali ndi tsoka lake. Chaka china chotentha migolo iwiri inasanduka viniga. Mzungu wamkulu anatsika pakhonde n'kuwakwapula ndi chikoti pamaso pa adzukulu awo. Ine ndinaima pomwepo ndowa ili m'manja. Sindinachite kanthu.

Kenaka kunabwera mwana wa mzunguyo kuchokera ku koleji ya zaulimi. Msinkhu wanga ndithu, ndevu zisanamere bwino, koma Omu Yapi ankamuvulira chipewa. Anabwera ndi mathanki achitsulo onyezimira, mapaipi a madzi ozizira, sulufule wofukizira, yisiti wa m'mapaketi wooneka ngati mchenga, ndi kagalasi koyezera kutentha. Anatifoletsa n'kufunsa amene amadziwa kuwerenga manambala. Ndinakweza dzanja mofulumira ngati ndili m'kalasi. Pafamu yonseyo ndinali ndekha. Sitandade 8 yanga inakapeza ntchito kumathero a dziko.

Anandiphunzitsa zinthu zoona, sindikana. M'madzi a mphesa muli tizilombo tosaoneka ndi maso, tina tabwino tina toipa. Ipha tonse, kenaka uikemo tako tam'paketi timene ukutidziwa. Kutentha kukakwera, ziziritsa. Ndipo tsuka. Tsuka usanayambe, tsuka ukamaliza, tsuka chimene watsuka kale. "Litsiro ndiye mdani," ankatero tsiku ndi tsiku, ine n'kumabwereza ngati vesi la Sande sukulu. Ndinkalowa m'thanki ndi burashi n'kutuluka maso ali psuu ndi sulufule, koma ndinkanyada. Ndinayamba kuyenda ndi kagalasi kaja m'thumba la malaya, mutu wake ukuonekera ngati cholembera cha kalaliki wa kwa DC.

Migolo yakale analamula kuti ichoke. Amene anaidula pakati ndi sowo ndine, ndipo mayi a mnyamatayo anadzalamo maluwa. M'kati mwa matabwawo munali nkhoko zofiirira, zolimba ngati mwala. Ndinaitana Omu Yapi.

"Taonani uve umene mwakhala mukumwetsa anthu."

Anakanda pang'ono ndi chikhadabo n'kuika palilime. "Bambo anga ali umu," anatero. Kenaka anandiyang'ana. "Iwe Nyasa, kwanu kulibe chinthu chimene sachitsuka?"

"Kwathu n'kumudzi," ndinatero. "Sadziwa."

Mawu amenewo ndinanena ine, ndi pakamwa panga pomwepa.

Vinyo wa m'mathanki sanadwalepo ngakhale kamodzi. Khutu la Omu Yapi linatha ntchito, ndipo anawapatsa yotsegula geti. Pagetipo panalibe chomvetsera. Ankamwa dopu wawo, wanga, ndi wa aliyense wowamvera chisoni, ndipo ine ndinkawapatsabe chitini changa chifukwa chinali chopepuka kusiyana ndi kukhala nawo pansi. Tsiku lina m'mawa lole inaliza hutala nthawi yaitali, geti osatseguka. Omu Yapi anali atafera pagetipo. Tinawaika kumapeto kwa munda, pamiyala posamera mphesa. Madzulo ake belu linalira monga mwa masiku onse, ndipo kapitawo anathira zitini ziwiriziwiri. Ndicho chinali chipepeso.

Chaka chomwecho vinyo wathu anapambana pa chionetsero cha m'tauni. Mnyamata uja anabwera ndi chikho chasiliva. Ndinamupempha kuti ndilaweko, popeza manambala onse ndinawerenga ndine. Anati ndikatenge chitini changa. Anandithirira pakhomo la kukhitchini, ine ndili panja. Vinyoyo anali woyera, wosalala, wopanda cholakwa. Ndinamva nsomba.

Ndiye ndinamufunsa. Ndinati, bwana, popeza litsiro ndiye mdani, bwanji dopu osamutaya? Nkhope yake inafiira mpaka m'makutu. Sabata yotsatira kunabwera apolisi ofunsa mapepala, ndipo pa anthu onse a pafamupo analunjika kwa ine. Mnyamatayo anaima pakhomo la mathanki amene ndinawatsuka ndi manja anga, n'kuwauza kuti sandidziwa bwino, ndine waganyu chabe. M'sokosi mwanga munali kagalasi kaja ndi paketi imodzi ya yisiti. Sindinabe. Ndinadzilipira.

Ndende, sitima, lole, lole ina. Ndinatsika pa Uliwa ndi chikhoti cha masaka chokha. Mlongo wanga Tiwonge anandiona ndikulowa m'mudzi, ndipo m'malo mothamanga anakhala pansi n'kuyamba kulira. Adada anali atamwalira mvula isanathe. Kalata inapita ku mgodi, kwa nambala imene inathawa kale. Amama ndinawapeza atavala nsalu yakuda, tsitsi losapesa, akugona pamphasa pansi. Ankadikira ine, mwana wamwamuna woyamba, kuti afulule mowa womasula maliro. Mowawo ukamwedwa ndiye namfedwa amametedwa, amavula zakuda, n'kukhalanso munthu pakati pa anthu.

Tiwonge anandikokera kuseri kwa nthochi kuti andiuze zotsala. Mng'ono wa bambo athu, adada Yotamu, anali atakhala wapampando wa nthambi ya chipani, ndipo diso lawo linali pamunda wathu wa mpunga. Ankanena paliponse kuti mkulu wawo anafa imfa yosadziwika bwino, ndi kuti mkazi wochereza amuna tsiku lonse pa mowa sangasowe mlandu. Kwathu mowa wa maliro ukakana kuwira timati wakufa waukana. Wakufa akaukana, namfedwa ali ndi chifukwa, ndipo amabwerera kwawo wopanda ndi khasu lomwe.

"Adumbu, mlongo wanga, mowa uwu usalakwike," anatero Tiwonge. "Akungodikira pomwepo."

Adada Yotamu anabwera kudzandilonjera, baji ili pachifuwa.

"Mtchona wabwera. Sutukesi ikubwera pambuyo?"

"Ikubwera, adada."

"Khadi la chipani uli nalo?"

"Ndangofika dzulo."

"Ku Joni kulibe makhadi, eti? Kuno aliko."

Mwambowo anaupangana Loweruka la sabata yotsatira. Lolemba m'mawa amama ndi Tiwonge anasenza chimera kupita kuchigayo. Ndinatsala ndekha. Ndinavundukula NyaUkali kuti ndione ngati ilibe mng'alu, ndipo ndinaona nkhoko zija. Ndinanunkhiza. M'mutu mwanga munalankhula mnyamata yemwe uja anandipereka kwa apolisi, ndipo ndinamumvera. Mowa uwu usalakwike. Litsiro ndiye mdani. Mundimvetse, sindinachite mwachipongwe. Ndinkapulumutsa mayi anga. Ndinabwera wopanda sutukesi, koma ndinali ndi nzeru zimene m'mudzi monse munalibe, ndipo ndinkafuna aone. Ndinatereka madzi, ndinakatapa mchenga. Pofika masana m'kati mwa nkhaliyo munali mofiira ngati yangochoka kwa woumba.

Amama anatula dengu. Anayang'ana nkhali ili padzuwa. Anayandikira, anapisamo dzanja mpaka m'phewa, anasisita, ananunkhiza zala.

"Wachita vichi, mwana iwe?"

"Ndatsuka, amama. Munali tizilombo."

"Tizilombo."

"Tosaoneka ndi maso. Timaononga mowa. Ku Kepi..."

"Amama anga anafulula umu. Mowa wa ukwati wanga unatuluka umu. Wa tsiku limene unabadwa iwe unatuluka umu, sunakanepo ngakhale kamodzi. Ukuganiza kuti chimawiritsa mowa n'chiyani? Pemphero?"

Tiwonge anagwira pakamwa. Ine ndinathamangira m'nyumba n'kutulutsa paketi yanga.

"Ichi chimawiritsa thanki lalikulu ngati nyumba ino. Muona."

Amama anayang'ana paketiyo, anayang'ana ine. "Anakuthamangitsa ngati galu, koma fupa lawo wabwera nalo kukamwa."

Tinafulula, popeza panalibe kuchitira mwina. Phala litazizira n'kulithira chimera, tinalikhuthulira mu NyaUkali. Ndinayeza ndi kagalasi kanga anthu akuona, ndinang'amba paketi, ndinathira. Tsiku loyamba zii. Lachiwiri zii. Ndinagunditsa khutu pankhali monga ankachitira Omu Yapi, ndipo ndinangomva magazi anga omwe. Yisiti uja anali atafera m'sokosi, m'ndende ndi pamalole otentha. Ndinayenda ndi mtembo dziko lonse lija. Linali Lachinayi. Abale a ku Lupembe anali atayamba kufika, a ku Sangilo atabwera ndi usipa, ndipo phala linayamba kafungo kosasa kosakhala ka mowa. Adada Yotamu anadutsa kawiri kuseri kwa khitchini, akuti akufuna nkhwangwa.

Ndipamene ndinakumbukira ndowa ya Omu Yapi.

"Amama, tikapale moto."

Anamva msanga. Njirayo ankaidziwa ine ndisanabadwe, kungoti sanaifunepo. Wofulula wina amene anali ndi mowa wowira sabata imeneyo anali mmodzi yekha, NyaChirwa wa kutsidya kwa msewu, ndipo awiriwa sankalankhulana kuyambira pamene NyaChirwa ananena pamsika kuti ukali wa NyaUkali ndi fodya wothiramo.

"Bola ndipite kwathu mphasa ili pamutu," anatero amama.

Ndinatenga chipanda, ndinachikulunga m'nsalu, ndinaoloka msewu dzuwa lili paliwombo.

NyaChirwa ndinawapeza akusefa mowa, amayi atatu akuwathandiza.

"Odi."

"Ee, a ku Joni! Tamva kuti mwatibweretsera sopo. Anzanga, bisani miphika, wotsuka wafika!"

Anaseka onse. Ndinavula chipewa n'kunjuta.

"Gwada bwino. Azungu sanakuphunzitse?"

Ndinagwada pafumbi, mawondo onse awiri. Ine amene ndinafunsa mzungu funso m'maso muli gwa.

"Ndabwera kudzapala moto, amama."

"Mayi ako akudziwa?"

"Akana."

"Nadi, n'zoona akana. Akanavomera ndikanadziwa kuti si iwo." Anapukuta manja. "Tandiuza, unkatsukanji?"

"Sindinkadziwa."

"Sindinafunse zimenezo. Unkaona ngati ife tonse, ndi amayi athu, ndi amayi awo, sitidziwa kumene kuli mchenga?"

Anandisiya chigwadire mpaka anamaliza kusefa. Kenaka anatenga chipanda changa n'kutunga pansi penipeni pa nkhali yawo, pokhuthala.

"Sindikupatsa chifukwa cha mayi ako, umve. Amuna anga atamwalira ndinaona zimene alamu amachita. Ndikufuna ndione nkhope ya Yotamu."

Ndinakhuthulira mu NyaUkali amama ataima pakhomo. Anatembenukira kukhoma. Kagalasi kanaonetsa kuti phala lazizira kwambiri, chifukwa inali miyezi ya mwera, choncho ine ndi Tiwonge tinasunthira nkhali pafupi ndi mafuwa n'kuifunditsa bulangete lija ndinatumiza. Pa zonse zimene mnyamata wa mzungu anandiphunzitsa, chimenecho chokha n'chimene chinathandiza mayi anga. Lachisanu m'mawa ndinagunditsa khutu. Inkang'ung'udza. Pofika madzulo thovu linkanyamula masamba a nthochi.

Loweruka anthu anadzaza bwalo. Adada Yotamu, monga mng'ono wa malemu, anatenga chipanda choyamba, anathira pang'ono pamanda, n'kumwa. Anasunga mowa m'kamwa nthawi yaitali. Anameza, n'kumwetulira.

"Uwu si mowa wa NyaUkali. Mlamu, mowa uwu wachokera kuti?"

Aliyense pamenepo anakulira pa mowa wa amama, sakanalephera kuzindikira. Amama anakhala chowerama m'nsalu yawo yakuda. Ndinaimirira.

"Adada, ndine amene..."

"Khala pansi. Mtchona wopanda khadi salankhula pamaso pa akulu."

Ndipo mawu anachokera kumbali ya amayi.

"A Yotamu, ine ndine mbuli, mundiphunzitse. Mwambo umati chiyani? Umati mowa ukome monga mwa kale, kapena umati uwire?" Anali NyaChirwa, atakhala mwendo uli tambalale. "Wawira kapena sunawire? Musayankhe msanga, yambani mwapukuta thovu lili pandevupo."

Wina anaphulika kuseka, kenaka bwalo lonse. Adada Yotamu anapukuta pakamwa, ndipo pamene anaona chimene chili padzanja lawo kuseka kunakula. Mkulu wa ku Lupembe, wamkulu pa onse a mtundu wathu, anatambasula dzanja, analandira chipanda, anamwa osapuma.

"Wawira," anatero. "Bweretsani lumo."

Amama anametedwa. Anavula zakuda. Munda uli m'manja mwathu mpaka lero.

Musaganize kuti zinathera m'chimwemwe. NyaChirwa si mngelo. Lolemba lake msika wonse wa Uliwa unali utamva, ndipo nkhali yathu anaisintha dzina n'kukhala NyaSopo. Amama anayesa kufulula kawiri. Mowa unawira, koma unali mowa wamba, wonga wa NyaChirwa wothira madzi. Amuna amene ankadzaza pakhomo pathu anaoloka msewu mmodzimmodzi. Amama anasiya. Mayi amene dzina lawo linkamveka mpaka ku Sangilo tsopano amagulitsa nthochi m'mbali mwa msewu, ndipo anawafikitsa pamenepo ndine, osati adada Yotamu.

Ine ndimapanga vinyo wa nthochi. Ntchito ina ndilibe, ndipo iyi ndimaidziwa. Ndili ndi migolo iwiri imene ndimatsuka ndisanayambe ndi ndikamaliza, yisiti ndimagula wa buledi, kagalasi kaja kakadalipo. Amagula ndi aphunzitsi, anamwino, makalaliki ndi apolisi ochokera kummwera ndi pakati, anthu a Chichewa chosalala, ndipo amati amakoma ngati wa m'sitolo. Sanandilakwikepo. Khadi ndinagula kwa adada Yotamu omwewo, apo ayi sindikanagulitsa ndi botolo limodzi lomwe. Sindipatsa munthu vinyo m'malo mwa malipiro, ndipo chitini cha nsomba sichilowa pakhomo panga.

Amama analawa kamodzi kokha. Ndinawathirira m'galasi, monga ndinadzitamira tsiku lonyamuka lija. Anamwa pang'ono n'kuika pansi.

"Alibe cholakwa," anatero. "Alibenso kwawo."

Nthawi zina ndikamatsuka migolo ndimalankhula ndi mnyamata wa mzungu uja. Ndimamutukwana m'zilankhulo zitatu. Anandiphunzitsa kupha tizilombo, koma sananene kuti tina tili ndi eni ake. Mwina nayenso sankadziwa. Koma iye analakwitsa n'kulandira chikho chasiliva. Omu Yapi anandifunsa funso loongoka, m'chilankhulo chothyokathyoka, ndipo ndinali ndi yankho kuyambira ndili mwana wobisala m'nkhali. Iwowo sindiwatukwana. Ndimangofulumira kutsuka.

Tsiku lina m'mawa ndinamva chinthu chikugubuduka pabwalo. Anali amama, akukankha nkhali ija mpaka pakhomo la nyumba yanga.

"Unaipha ndiwe. Uilere ndiwe."

Ndiye mwezi uliwonse ndimafululamo mowa wa mawere, amama atakhala patali akundidzudzula. Mowa wake ndi wopusa, ndimamwa ndekha ndi Tiwonge. Ukatha ndimatsukuluza ndi timadzi tozizira, kuvundikira ndi masamba a nthochi, basi. M'kati mwayamba kuda, kankhoko kopyapyala ngati khoko la anyezi. Ndinawafunsa amama kuti zidzatenga zaka zingati.

"Pamene ndinkabwera nayo inali yakuda kale," anatero.

Sabata yatha kunabwera mphunzitsi watsopano kudzagula botolo. Mnyamata waulemu, nsapato zopolisha. Pamene ndinkamuthirira anazungulira kuseri, anavundukula masamba, anasuzumira m'nkhalimo n'kukwinya mphuno.

"Achimwene, inu ndinu munthu waukhondo. Iyi bwanji osaitsuka?"

Ndinamulanda botolo. Ndinamuuza kuti achotse dzanja lake pamenepo lisanathyoke, ndipo ndinamuperekeza mpaka kumsewu. Akuti akuuza anzake kuti wa vinyo uja mutu wake sukoka bwino, anasiya nzeru ku Joni. Sanabwerenso. Asabwere.